Dzanja la Tadala pa Msewu wa Nullarbor

Ulendo uwu sindinaufune. Ndinakwera galimoto ija chifukwa cha dzanja la mwana wanga. Abale ndi alongo ku tchalitchi akhala akundifunsa mmene tinayendera, wina pakhomo, wina pa tiyi, mpaka ndatopa kuyambira nkhani pakati. Ndiye ndailemba kuyambira poyambirira.

Tadala ndi mwana wathu woyamba. Anabwera kuno ku Perth ali kumsana, wakulira ku Balga, ndipo Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingelezi cha m'mphuno cha kunochi. Masewera ake ndi owombera chandamale. Ali ndi kamfuti kogwira ndi dzanja limodzi, koyendera mpweya, koponya tizipolopolo tating'ono ngati njere za mapira. Amaima chammbali, dzanja lamanzere lili m'thumba, lamanja atalitambasula, n'kumalasa kadontho kakuda pa pepala. Anamuphunzitsa ndi achimwene anga, a Mbewe, amene amagwira ntchito ku migodi ya kumpoto ndipo akabwera kudzapuma amakatha masiku awo ku kalabu ya owombera. Poyamba ndinkadana nazo. Mwana wamkazi wa m'nyumba yopemphera, mfuti n'zachiyani? Koma nditapita kukaonerera ndinapeza chipinda chachete kuposa tchalitchi chathu pa nthawi ya mgonero, ndipo mwana wanga wopupuluma uja anali ataima duu, akupuma pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Chaka chino anaitanidwa ku mpikisano wa ku Melbourne, kumene amasankhako anthu ochepa oti alowe m'gulu lokaimira dziko lino. Wakhala akukonzekera mwayi umenewu kuyambira ali ku sekondale. Achimwene nawonso anali ndi mpikisano wawo wa mfuti zazitali sabata yomweyo, chimodzimodzinso Mwansa, mtsikana wa ku Zambia wa m'kalabu mwawo, amene ntchito yake ndi yofufuza miyala m'migodi. Anagwirizana zopita pa msewu chifukwa kukwera ndege ndi mfuti n'chintchito. Mpaka apo zonse zinali bwino. Kenako ndinamva kuti popeza mu Ogasiti mapiri a ku Victoria, chigawo chimene kuli Melbourne, amakhala atakutidwa ndi chipale chofewa, ayamba akwera kuphiri kukatsetsereka masiku angapo, n'kupuma masiku enanso angapo, kenako mpikisano. Pambuyo pa mpikisano sikukanatheka, chifukwa awiriwo migodi inkawadikira.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikudziwa mmene fupa limathyokera munthu akagwa n'kutsogoza dzanja, komanso kutalika kwa nthawi imene limatenga kuti ligwirane. Bambo a Tadala anali ku mgodi. Nditawaimbira anangoti mwanayo ndi wamkulu, koma ngati mtima sukukhazikika ndipite nawo. Ndinapempha tchuthi. Ndinauza onse kuti ndikupita kukathandiza kuyendetsa galimoto. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikupita kukatchinga njira ya kuphiri, ndipo ndinkaganiza kuti msewu wautali chonchija undipatsa mpata wolankhula.

Tinanyamuka kunyumba kwa achimwene ku Armadale kukuyera. Galimoto yawo ndi yaikulu, ya mawilo okwera, ndipo anali ataionetsa kwa makaniko wina ku Welshpool sabata yapitayo. Mabokosi a mfuti anawakhoma ndi maloko n'kuwaika pansi penipeni, pamwamba pake zikwama, pamwamba pa zikwama bokosi langa la zakudya: nkhuku yootcha, mandasi, nthochi, tomato ndi anyezi wa m'dimba langa la kuseri kwa nyumba. Ndinapempha kuti tigwirane manja. Ndinapempherera msewu, woyendetsa, ndi anthu otsala. Dzanja limene ndinagwira kumanzere kwanga linali lamanja la Tadala, ndipo titanena amen ndinachedwa kulisiya.

Mkangano unayamba tisanafike n'komwe ku Northam. Achimwene anakhalapo ku Canada pa ntchito, ndipo kumeneko anaphunzira masikii, timatabwa tiwiri tatitali, kamodzi ku phazi lililonse, munthu atagwira ndodo ziwiri m'manja. Mwansa ndi wa sinobodi, thabwa limodzi lotambalala limene amamangirirapo mapazi onse awiri. Tadala anali asanapondepo chipale chibadwire, ndipo aliyense ankamukokera kwake.

Achimwene anati wowombera aliyense wanzeru amene akumudziwa amatsetsereka pa masikii. Anati ku mayiko ozizira kuli ngakhale masewera amene anthu amathamanga pa masikii mfuti ili kumsana, n'kuima, n'kuwombera, ndiye zinthu ziwirizi ndi pachibale. Wophunzira sinobodi, iwo anatero, tsiku loyamba amagwa ngati thumba la chimanga, ndipo nthawi zonse amagwera manja. Mwansa anaseka. Anati timatabwa tiwirito kamodzi kamapita ku Lusaka kena ku Lilongwe, bondo n'kutsala pakati likupotokola. Anatinso Tadala akamawombera amaima chammbali, ndipo umo ndi mmene munthu amaimira pa sinobodi, choncho thupi lake likudziwa kale.

"Iwe Mwansa," anatero achimwene, "munthu wamoyo angalole kumangidwa miyendo yonse pa thabwa limodzi ngati mbuzi yopita ku msika pa njinga?"

"Ba Mbewe, vija vimitengo vanu ni va bankalamba. Mufuna mwana ayambe kuyenda na ndodo akali na mano yonse?"

Tadala ankaseka kumbuyo, n'kumawathirira mafuta pamoto. Ine sindinkamva nthabwala. Mwa zonse zimene ankanena ndinkangotolamo mawu oti kuthyoka, kupotokola, kubzungunyuka. Ndinkayang'ana chipaipi cha madzi chimene chimatsagana ndi msewuwo ulendo wonse wa kum'mawa, ndikukonza mawu oti ndinene. Ku Merredin ndinati ndinena tikamwa tiyi. Ku Southern Cross ndinati ndidikire achimwene atsike. Ku Coolgardie, pamene tinakhotera kum'mwera, ndinatsegula pakamwa n'kufunsa ngati pali wofuna mandasi. Tinagona ku Norseman ndisananene kanthu.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndinadziwa kuti dziko lino ndi lalikulu mochititsa mantha. Kupitirira Balladonia msewu umawongoka ngati chingwe, osakhota ngakhale pang'ono, mpaka maso amayamba kuwawa. Mitengo imachepa, kenako imatha. Chipululu chimenechi ndi chimene amachitcha Nullarbor. M'mbali mwa msewu munali makangaruu ogundidwa, ziwombankhanga zili pamwamba pake, zosafuna n'kuthawa komwe. Mathiraki okoka ngolo zitatuzitatu akamatidutsa galimoto inkagwedezeka. Mafoni anasiya kugwira. Pamalo paliponse pomwetsera mafuta mtengo unkakwera kuposa pamene tachoka, ndipo achimwene ankabwerako akung'ung'udza. Ndinayendetsa kuchokera ku Caiguna mpaka ku Cocklebiddy, msana uli gwa, ndikuimba nyimbo za m'buku chamumtima. Kumbuyo mkangano unali utafika pa zovala. Achimwene ankati a sinobodi amavala mabuluku ogwa ngati anyamata a pa depoti. Mwansa ankati a masikii amayenda mu nsapato zawo ngati nkhanu.

Titatsika chitunda cha ku Madura achimwene anatenganso chiwongolero. Sipanapite nthawi yaitali, ndinawaona akuyang'anayang'ana pa geji yoonetsa kutentha kwa injini. Kenako kunamveka fungo ngati la shuga wopserera, ndipo kutsogolo kunatuluka nthunzi. Anaimika pambali. Atatsegula boneti, madzi obiriwira ankachucha pansi, dothi lofiira likuwamwa pomwepo. Anati pampu ya madzi yatha.

Tinakhala pamenepo kuyambira masana. Mphepo ya kumeneko siima, ndipo ngakhale kunkazizira ntchentche zinatipeza. Ndinkayenda kupita uko, kubwerera, kukwera m'galimoto, kutsikanso. Magalimoto awiri anadutsa osaima. Thiraki ina inaima patali, dalaivala wake, mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, anabwera wapansi, anasuzumira mu injini, n'kupukusa mutu. Anaitana thandizo pa wailesi yake ya m'thiraki. Galimoto yodzatikoka inafika dzuwa litapendeka. Malo okhala anali ochepa, ndipo achimwene anakana kusiyana ndi mabokosi aja chifukwa lamulo sililola mwini mfuti kuzitaya maso pa ulendo. Tinapanikizana mmenemo ngati nsomba za m'chitini, Tadala atakhala pamiyendo panga monga ankachitira ali wa ku mkaka, mpaka tinafika pa kamalo kena komwetsera mafuta kamene kali ndi tizipinda togona kumbuyo.

Mwini malowo anaimba mafoni n'kutiuza kuti pampu yotere ichokera ku Kalgoorlie, ndipo ibwera ndi thiraki iliyonse imene ingavomere kuinyamula. Titafunsa kuti liti, anatambasula manja.

Apa ndi pamene mtima wanga unachita chinthu chimene sindinauuze. Unasangalala. Ndinawerengera mwachangu kuti tsiku lililonse lotha pano ndi tsiku lochotsedwa kuphiri. Ndinaganiza kuti mwina Ambuye, amene amatseka khomo popanda wolitsegula, aona kufooka kwa pakamwa panga ndipo alankhula m'malo mwanga kudzera mu pampu.

Malowo analibe chochita. Kutsogolo msewu, kumbuyo thanki yaikulu ya madzi ndi tchire lalifupi lofika m'mawondo mpaka kumene maso alekezera. Madzi osamba anali amchere. Jenereta inkalira usana wonse. Mawotchi anali osagwirizana: wa pakhoma unkanena zake, foni ya Mwansa zake, ya achimwene zake, chifukwa dera limenelo lili ndi nthawi yakeyake. Thiraki iliyonse ikamveka patali achimwene ankatuluka kukaima m'mbali mwa msewu, manja m'chiuno, n'kubwerako nkhope itagwa. Mwansa anayamba kutola miyala n'kumatiuza mayina ake ngakhale panalibe womufunsa. Nkhuku inatha. Mandasi anauma. Tinayamba kudya tchipisi cha pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo.

Tadala sanasiye kukonzekera. Mfuti sakanaitulutsa, ndiye ankadzaza botolo ndi madzi, n'kujambula kadontho pa khoma la thanki, n'kuima chammbali botolo lili m'dzanja lotambasula. Ankalikweza, kuligwira duu, kulitsitsa, kupuma, kulikwezanso. Ine ndinkakhala pa khonde Mawu a Mulungu ali pamiyendo, koma maso ali pa dzanja lija. Madzi a m'botolo sankagwedera n'komwe. Ndinkaganiza za zaka zonse zimene zalowa mu timinofu timeneto, Loweruka lililonse, madzulo onse amene anzake ankapita kokasangalala iye ali ku kalabu. Zonsezo n'kukathera pa kugwa kumodzi chifukwa cha masewera a masiku ochepa.

Pampu inafika tsiku lachiwiri la kudikira. Makaniko wa pamalopo ataiyerekeza anapeza kuti ndi ya galimoto ya mtundu womwewo koma ya chaka china, mabowo ake sakugwirizana. Achimwene anakhala pansi pa tayala. Ine ndinalowa m'chipinda kuti asaone nkhope yanga.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Tinachita kamapemphero kathu m'chipinda, tinaimba nyimbo ziwiri, Mwansa akutsatira ndi mawu a kwawo. Ndinalankhula pang'ono za anthu a Mulungu aja amene anang'ung'udza m'chipululu chifukwa sankaona kumene akuwatengera, ndipo ndinalimbikitsa anzanga kuti kuchedwa kulikonse kuli ndi cholinga. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali. Titamaliza ndinapita ndekha kuseri kwa thanki. Ine ndikamapemphera ndekha ndimatulutsa mawu, ndi mmene amayi anatiphunzitsira. Ndinathokoza chifukwa cha pampu yolakwika ija. Ndinapempha kuti ngati n'kotheka inayo ichedwe ndithu, ifike pa nthawi yongokwanira kukafika ku Melbourne, phiri tilione patali. Ndinapereka dzanja la mwana wanga m'manja mwa Iye amene analiumba, chala chilichonse, mfundo iliyonse.

Nditatsegula maso, Tadala anali ataima pakona pa thanki, botolo lake lili m'manja.

Analankhula m'Chichewa. Zimenezi amachita mwina kamodzi pa chaka, ndipo mawu ake amatuluka limodzilimodzi ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala.

"Amayi, mukupemphera kuti galimoto isachire?"

Ndinati ndikupempherera iyeyo. Anati wamva zonse. Anati kuyambira ku Armadale wakhala akuona ndikuyang'ana dzanja lake ngati mphika umene uli pamoto, ndipo wakhala akudikira kuti ndinene.

"Mukanena kuti ndisakwere phiri, sindikwera. Koma munene kwa ine. Musanene kwa Mulungu yekha."

Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa dzanja lili mu shuga. Ndinamufunsa chifukwa chimene akufunira zimenezi pa nthawi ngati ino. Anabwerera ku Chingelezi chake. Anati moyo wake wonse wakhala akuima malo amodzi. Sasewera mpira wa manja, sanyamula zolemera, ngakhale chitseko cha galimoto amatsegula ndi lamanzere. Anati watopa kukhala mlonda wa dzanja lake, ndipo akufuna tsiku limodzi loti thupi lonse liyende, lithamange, mutu uiwale kadontho kaja. Akapanda kutero, anati, akafika ku Melbourne ali wouma ngati mandasi athu aja.

Ndinapita kukaitana achimwene ndi Mwansa, n'kuwakhazika pa khonde. Ndinawauza kuti kuchokera ku Perth aliyense wakhala akuulula machimo a mnzake, ndipo ku tchalitchi sititero. Ndinati tsopano aliyense anene zimene chinthu chakecho chinamuchita iye mwini.

Anayang'anana. Mwansa ndiye anayamba. Anakwinya mkono wa juzi n'kutionetsa chipsera chachitali pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Anati munali m'chaka chake choyamba pa sinobodi, anagwa chagada n'kutsogoza dzanja, ndipo mpaka lero muli kachitsulo. Anakhala miyezi osagwira mfuti. Achimwene anayamba kuseka mopambana, koma ndinawayang'ana.

"Nambewe, zanga n'zazing'ono," anatero.

Ndinati azionetse zazing'onozo. Anatambasula dzanja lamanja n'kuyesa kupinda chala chachikulu. Chinangofika pakati. Anati anagwa ndodo ili m'manja, lamba wa ndodoyo anakoka chalacho n'kuchibweza kumbuyo, mtsempha unaduka. Anati zimachitikira a masikii ambiri. Ine mlongo wawo, wobadwa nawo mimba imodzi, ndinali ndisanadziwe. Mwansa anawomba m'manja n'kunena kuti ba Mbewe abisa chala kuchokera ku Northam.

Uku mfundo ya dzanja, uku chala chachikulu, ndipo kamfuti ka Tadala kamadalira zonse ziwiri. Ndinaona kuti tsopano ndili ndi zifukwa zonse zokanira, ndipo Tadala anali atalonjeza kuti amvera. Anali atakhala pansi pa sitepe, akundiyang'ana, osapempha.

Achimwene ndiye anati ana aang'ono amaphunzira masikii opanda ndodo, pa kamtunda kotsetsereka pang'ono. Popanda ndodo chala chilibe chochikoka, ndipo wa masikii akagwa amagwera m'mbali kapena chokhala. Mwansa anavomera monyinyirika kuti kwa tsiku limodzi, kwa munthu wosunga dzanja, vimitengo vija vingapambane. Anawonjeza kuti mawu amenewa asakamveke ku kalabu.

Ndinauza Tadala kuti apite. Tsiku limodzi, pa kamtunda ka ana, wopanda ndodo, ndipo ine ndikakhala pomwepo. Mawuwo anatuluka movuta, koma atatuluka ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Madzulo ake ndinabwerera kuseri kwa thanki kukasintha pempho langa. Pampu yoyenera inabwera mawa lake chakumasana.

Kuchokera apo unali ulendo wothamanga. Ku Eucla tinangomwetsa mafuta. Tinadutsa malire kulowa ku South Australia, nyanja tinaionera pa windo pamwamba pa maphompho, osatsika. Kukayamba kuda tinkaima chifukwa cha makangaruu, kukacha tili pa msewu. Ku Ceduna kuli chipata chimene amafufuza zipatso ndi ndiwo zamasamba poteteza minda yawo ku tizilombo. Tomato wanga ndi anyezi, zimene ndinazisunga masiku onse aja kuti ndikaphikire mwana chakudya chenicheni mpikisano usanachitike, zinalowa mu bini. Nthochi zinayi zotsala tinadyera pomwepo, ofesala akutidikira mwaulemu. Port Augusta, Renmark, Mildura, matauni ankangodutsa ngati masamba a buku lowerengedwa mothamanga. Msana unkandipweteka, mapazi anatupa, ndipo ndinkalephera kukhala mbali imodzi.

Penapake kupitirira Swan Hill achimwene anawerengera masiku. Chipululu chinali chitadya masiku a kuphiri, n'kudyanso masiku opuma aja. Chotsala chinali tsiku limodzi la chipale, tsiku limodzi lotsikira ku Melbourne, kenako mpikisano. Tonse tinati palibe vuto. Munthu wosewera tsiku limodzi pa kamtunda ka ana apumiranji? Chachikulu dzanja libwereko lathunthu.

Tinafika ku Mansfield, tauni ya m'munsi mwa phiri, n'kusungitsa mfuti kwa wogulitsa mfuti wina amene achimwene anapangana naye. M'mawa tinakwera basi ya kuphiri. Za chipale sindinena zambiri. N'choyera monga Mawu amanenera, ndipo chimalowa mu nsapato. Ndinaima pa mpanda wa kamtunda kaja tsiku lonse, nditavala majekete awiri obwereka. Tadala anali pakati pa tiana tofika m'chiuno mwake. Mphunzitsi anawaonetsa kuima atapinda mawondo, nsonga za masikii zitayang'anana kutsogolo, n'kumakankha ndi miyendo kuti achepetse liwiro. Anatsika, anakwera, anatsikanso. Ankagwa kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse ankakumbatira dzanja lamanja pachifuwa ngati wanyamula mwanapiye, n'kugwera m'mbali. Ankadzuka akuseka, chipale chili m'tsitsi. Kuseka koteroko ndinali nditakuiwala. Tiana tija titapita kukadya iye anapitiriza. Nditamukodola kuti zakwana anapempha kamodzi kena, kenako kenanso, mpaka anatseka makina okwezera anthu.

M'basi yotsika tonse atatu tinagwira dzanja lija mosinthana. Achimwene anapinda chala chilichonse, Mwansa anatembenuza mfundo uku ndi uku. Linali lozizira, koma lathunthu. Ndinathokoza Mulungu mokweza, anthu a m'basi akutiyang'ana.

Mawa lake, titafika ku Melbourne, Tadala anatsika m'galimoto akugwira chitseko. Anati ntchafu zalimba pang'ono. Tinati zitha. M'mawa wa mpikisano ndinamuona akutsika masitepe a pa motelo chammbali, phazi limodzi kenako linzake, mano ataluma mlomo. Achimwene anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine, nkhope yawo inasintha. Anati ululu wa minofu umakula pa tsiku lachiwiri, ndipo iwo amadziwa zimenezi bwinobwino. Anali asanaziganizire basi.

Owonerera amakhala kumbuyo kwa owombera, ndiye ndinkamuona msana. Mpikisano wawo munthu amaima nthawi yaitali pamalo amodzi, osasuntha mapazi. Poyamba zinkayenda. Dzanja linkakwera mowongoka monga linkachitira pa thanki paja. Koma patapita nthawi ndinaona nsalu ya buluku lake ikunjenjemera kumbuyo kwa bondo. Kunjenjemerako kunkakwera m'chiuno, kumsana, mpaka kukafika kunsonga ya mfuti. Ankatsitsa osawombera, kupuma, kukwezanso. Kenako anayamba kukhala pa mpando pakatipakati, chinthu chimene sachita, ndipo akadzuka ankavutika kupeza pamene mapazi anali. Anthu anayi tinadutsa dziko lonse lino tikukangana za mfundo ya dzanja, chala ndi bondo lothyoka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka kuti wowombera amaima ndi miyendo, ndipo miyendo ingathe kutopa osathyoka.

Sanasankhidwe. Anatsala pang'ono, koma pang'ono pamenepo m'pamene pamagona masewera awo onse. Mwayi wina ngati umenewu udzabwera patapita nthawi yaitali, ndipo palibe akudziwa ngati adzaitanidwenso.

Tinakwera galimoto kubwerera ku motelo. Achimwene anayesa kunena kuti mlandu ndi wawo, Mwansa anati ndi wa onse, Tadala anawapempha kuti asiye. Ine ndinkaganiza za masiku opuma aja amene anathera kuseri kwa thanki. Sindikunena kuti pemphero langa ndi limene linachedwetsa pampu. Mulungu si wantchito wanga. Koma ndikudziwa chimene ndinkafuna pa masiku amenewo, ndipo ndikudziwa kuti ndinapempha dzanja, dzanja lokha, ndipo dzanjalo analisunga lopanda ngakhale kachilonda.

Titalowa m'chipinda Tadala anadziponya pa bedi chafufumimba, nsapato zili kuphazi. Dzuwa la masana linkalowa pa windo. Patapita nthawi analankhula nkhope ili mu pilo.

"Nenani, amayi. Nenani kuti munanena."

"Sindinanene zimenezo. Ndinati upite."

Anatembenuka n'kundiyang'ana, maso ali ofiira. Ndinamufunsa ngati akanakonda ndikanamuletsa. Ndinayamba kuopa yankho lake. Kenako anati sakudziwa, ndipo mwina sadziwa msanga. Ndinati nanenso sindikudziwa.

Ndinawiritsa madzi mu ketulo ya tiyi, ndinawathira mu beseni la m'bafa, n'kuviika thaulo. Ndinamuvula nsapato ndi masokosi. Ndinayamba kumuthowa monga timachitira kwathu munthu akabwera ku ulendo wautali wapansi, kufinya thaulo, kulikanikiza pa katumba, kudikira kutentha kulowe, kuviikanso. Analira pang'ono, mwina ndi ululu, mwina ndi zinazo. Minofu inali yolimba ngati chinangwa chosapsa. Ndikuthowa choncho ndinayamba kupemphera motulutsa mawu, iye akumva. Ndinayambira ku zala za kumapazi, ndipo sindinadumphe chiwalo chilichonse.